Mabuku ali bwino, denga likudontha: oditi ndi ziopsezo m'mabungwe osamalira nyumba za anthu

Kuno ku Mangochi nkhani iyi timaidziwa tonse. Mnyamata ali ku Joni, mwezi ndi mwezi akutumiza ndalama kuti achimwene ake amumangire nyumba kwawo ku Namwera. Zithunzi zikubwera pa WhatsApp: maziko atha, khoma lafika pawindo, malata agulidwa. Pobwera kudzadya Idi akupeza pamalo pake pali mulu wa njerwa womera udzu, zithunzi zija zinali za nyumba ya aneba. Timaikamba moseka m'minibasi, koma mkati mwake muli funso limene limasowetsa tulo aliyense amene waika ndalama zake m'manja mwa wina: ndidziwa bwanji kuti zimene akundiuzazi ndi zoona?

Funso lomweli ndinalimva mwamtundu wina mu 2024, madzi a m'nyanja atakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa gombe. Mayi wina amene amachita lendi nyumba ya bungwe lina anandifunsa kuti, "Akuti oditi yapeza kuti zonse zili bwino. Nanga khoma langa lang'aluka, chimbudzi chadzaza madzi, iwo n'kumati ndalama yokonzera palibe. Ndiye kuti oditiyo ndi yabodza?" Ndinawayankha kuti ikhoza kukhala yoona ndithu, khomalo n'kukhala long'aluka ndithu. Mayiwo anasakaniza ntchito ziwiri zimene anthu ambiri, ngakhale ena a m'maofesi, amazitenga ngati imodzi: oditi, yomwe ndi kufufuza mabuku a ndalama, ndi kusamalira ziopsezo.

Nyumba zake ziti?

Tikunena nyumba zimene boma, khonsolo kapena bungwe losafuna phindu limamanga kapena kuyang'anira kuti anthu opeza zochepa akhale ndi pogona pa mtengo wotsika. Ku England kuli mabungwe akuluakulu amene ntchito yawo ndi yomweyi basi, ndipo ku South Africa lamulo la 2008 linakhazikitsa ofesi yoyang'anira mabungwe otere. Kwathu kuno zinthu zili mobalalika. Tili ndi Malawi Housing Corporation yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, ngakhale ambiri okhala m'nyumba zake ndi anthu a pantchito osati osaukitsitsa. Tili ndi nyumba za makhonsolo, mabungwe ngati Habitat for Humanity yomwe yakhala ikugwira ntchito m'dziko muno kuyambira 1986, ndondomeko ya boma ija ya Malata ndi Simenti, nyumba zomangira anthu a chialubino, ndi nyumba zomangira anthu amene anasamutsidwa ndi namondwe wa Freddy mu 2023.

Onsewa ali pa mpanipani umodzi umene landilodi wamba sakhala nawo. Mwini nyumba wa pa M'baluku simenti ikakwera amangokweza lendi, wokana achoke. Bungwe la nyumba za anthu ovutika silingachite zimenezo mwachisawawa, chifukwa likatero ndiye kuti lathamangitsa anthu omwe linakhazikitsidwira. Ndalama zimene limagwiritsa ntchito si zake: ndi misonkho, thandizo la opereka, ngongole za kubanki, ndi lendi ya anthu omwewo. Ndipo nyumba si thumba la feteleza loti ukagawa ntchito yatha. Imafuna kusamalidwa zaka makumi.

Oditi: kuwerenga zimene zachitika kale

Oditi ndi kufufuza kochitidwa ndi munthu wapadera, wodziwa za mawerengero a chuma, kuti atsimikize ngati zimene zalembedwa m'mabuku a ndalama zikugwirizana ndi zimene zinachitikadi. Wochita ntchitoyi timamutcha oditala.

Amayi a banki m'khonde amaidziwa bwino nzeru imeneyi ngakhale sanapite kukoleji. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu, wosunga bokosi alibe kiyi, wolemba m'buku si amene amawerenga ndalama, ndipo ndalama imawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Oditala akafika pa bungwe la nyumba amayamba wayang'ana ngati maloko otere alipo. Kodi amene amalandira lendi ndi yemweyo amene amalemba kuti wakuti walipira? Kodi amene amasankha kontirakitala ndi yemweyo amene amasayinira kuti ntchito yatha, n'kukhalanso yemweyo wovomereza malipiro? Ngati makiyi onse ali m'thumba la munthu mmodzi, oditala amalemba kuti pali vuto ngakhale pasanasowe tambala.

Kenako amatenga zitsanzo. Apa mpamene anthu ambiri amadabwa: oditala sawerenga lisiti lililonse. Amachita ngati wogula mpunga amene amapisa dzanja m'matumba angapo, pamwamba ndi pansi, n'kuweruza mulu wonse. Zitsanzozo amazilondola mbali ziwiri. Amachoka m'buku kupita kunyumba: mwalemba kuti nyumba nambala 14 munaikhoma malata atsopano, tiyeni tikaone. Amachokanso kunyumba kubwerera m'buku: muno mukukhala banja, kodi lendi yawo ikulowa m'kaundula? Njira yoyamba imagwira ntchito zabodza, yachiwiri imagwira ndalama zolowa m'matumba mwa anthu. Amafunsanso kubanki mwachindunji kuti mu akaunti muli zingati, osadalira pepala limene wapatsidwa ndi akauntanti. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa.

Pamapeto amapereka chigamulo, ndipo chimakhala chimodzi mwa zinayi. Chigamulo choyera chimatanthauza kuti mabuku akupereka chithunzi choona pa zinthu zikuluzikulu. Chachiwiri chimati mabuku ali bwino kupatula malo akutiakuti. Chachitatu chimati mabukuwa ndi osocheretsa, musawadalire. Chachinayi ndi pamene oditala wasamba m'manja chifukwa sanapatsidwe zikalata zokwanira kuti anene chilichonse. Ambiri amaopa chachitatu, koma ine chimene chimandichititsa mantha ndi chachinayi, chifukwa bungwe lopanda malisiti silingadziwe ngakhale lokha ngati laberedwa.

Pambali pa chigamulocho pamakhala kalata yopita kwa oyendetsa bungwe, yondandalika zofooka zimene zapezeka ndi zoyenera kukonza. Kalata imeneyi kawirikawiri siiwerengedwa pa msonkhano wa anthu, koma nyama ili m'menemo. Mukaona mfundo yomweyo ikubwera zaka zitatu zotsatizana, dziwani kuti palibe amene akuiwerenga.

Amafufuza ndani?

Oditala wakunja amabwera kamodzi pachaka ndipo sali pa malipiro a bungwelo ngati wantchito. Oditala wamkati ndi wantchito wa pomwepo amene amayendera madipatimenti chaka chonse, koma kuti agwire bwino ntchito amayenera kupereka malipoti ake ku komiti ya bodi, osati kwa bwana amene akumufufuzayo. Palinso oditi yofufuza umbanda, imene imaitanidwa pakakhala fungo la kuba. Amalawi ambiri anaimva koyamba pa nthawi ya Cashgate mu 2013, pamene kampani ya ku Britain ya Baker Tilly inalembedwa ntchito yolondola ndalama zimene zinatuluka m'boma kulipira katundu ndi ntchito zimene kunalibe. Mtundu wina umafunsa funso losiyana: ndalama zagwiradi ntchito, koma kodi zimene tapeza zikulingana ndi ndalamazo?

Pa chuma cha boma, gawo 184 la malamulo aakulu a dziko lino linakhazikitsa udindo wa Oditala Wamkulu, ndipo lamulo la Public Audit Act la 2003 ndi limene limafotokoza ntchito yake. Malipoti ake amapita ku Nyumba ya Malamulo, kumene komiti yoona za kayendetsedwe ka chuma cha boma imaitana akuluakulu a maofesi kudzayankha mafunso. Makhonsolo ndi makampani a boma ali pansi pa diso limeneli. Mabungwe omwe si aboma amayenera kupereka mabuku ofufuzidwa chaka ndi chaka ku NGORA, ofesi yowayang'anira, komanso kwa amene amawapatsa thandizo. Maoditala odziimira paokha amakhala mamembala a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera chuma. Oditala samanga munthu. Akapeza zokayikitsa, nkhani imapita kupolisi kapena ku ACB, bungwe lolimbana ndi katangale.

Chimene oditi ya ndalama siiona

Tibwerere kwa mayi aja. Bungwe likhoza kulemba moona kuti chaka chino silinagwiritse ntchito ndalama iliyonse pokonza makoma, oditala n'kutsimikiza kuti n'zoona, chigamulo n'kutuluka choyera. Mabuku sananame. Angonena zoona zowawa zimene palibe anazifunsa.

Ku England anaphunzira zimenezi ndi maliro. Pa 14 June 2017 nyumba yosanjikizana ya Grenfell Tower ku London inapsa ndipo anthu 72 anamwalira. Inali nyumba ya khonsolo. Moto unathamanga chifukwa cha zinthu zoyaka msanga zimene anakutira nazo makoma akunja pokonzanso nyumbayo, ndipo okhalamo anali atadandaula kale za chitetezo chawo osamvedwa. Mu December 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale chifukwa chopuma mpweya wa m'nyumba yodzala chinyezi ndi chuku, makolo ake atadandaula kambirimbiri kwa bungwe losamalira nyumbayo. Zimenezi zinathandiza kuti mu 2023 dzikolo likhazikitse lamulo latsopano loyang'anira mabungwe a nyumba. Lero ofesi yowayang'anira kumeneko imapereka magiredi osiyana pa utsogoleri wa bungwe, pa mphamvu zake zachuma, ndi pa momwe likusamalira anthu okhala m'nyumba zake. Anazilekanitsa dala, atazindikira kuti bungwe likhoza kukhoza pa chimodzi n'kulephera pa chinzake.

Ziopsezo: kuwerenga mitambo

Chiopsezo ndi chinthu chimene sichinachitike koma chikhoza kuchitika n'kusokoneza cholinga chanu. Kusamalira ziopsezo ndi kuzitchula mayina zisanafike, kuyeza kukula kwake, ndi kugwirizana chochita. Oditi ili ngati mwini chilimira amene m'mawa akuwerenga mabeseni a usipa pagombe kuti aone ngati alovi sanagulitseko ena panyanja. Kusamalira ziopsezo kuli ngati msodzi yemweyo madzulo, akuyang'ana kumwamba ngati mwera ukubwera, akuyesa injini, akuganiza ngati n'koyenera kulowa m'madzi lero. Wowerenga mabeseni bwino amene sayang'ana kumwamba adzataya bwato tsiku lina.

Chida chachikulu ndi kaundula wa ziopsezo. Pa chiopsezo chilichonse amafunsa mafunso awiri: mpata woti chichitike ndi waukulu bwanji, ndipo chikachitika chiwononga zochuluka bwanji? Mabungwe ambiri amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa funso lililonse n'kuchulukitsa. Kuba kwa mababu a panja kumachitika pafupipafupi koma sikugwetsa bungwe, mwina 5 kuchulukitsa ndi 1. Chivomerezi sichibwera kawirikawiri koma chikabwera chimasesa, mwina 1 kuchulukitsa ndi 5, ndipo tisaiwale kuti tili m'chigwa chomwecho chimene chinagwedeza Salima mu 1989 ndi Karonga mu 2009. Madzi osefukira pa nyumba zomangidwa m'dambo kufupi ndi Shire kapena nyanja ya Malombe akhoza kufika 4 kuchulukitsa ndi 5. Manambalawa si ulosi. Ntchito yake ndi kukakamiza bodi kukangana kuti choyamba kuthana nacho n'chiti. Ndondomeko yodziwika padziko lonse pa nkhaniyi ndi ISO 31000, yomwe inatuluka mu 2009 n'kukonzedwanso mu 2018.

Chiopsezo chilichonse chimayenera kukhala ndi mwini wake, munthu wa dzina ndi udindo. Kaundula wolembedwa kuti "oyang'anira onse" ndi kaundula wakufa.

Zochita zilipo zinayi, ngakhale pa nkhani ya nyumba, zochita ziwiri zoyamba ndi zimene zili ndi mphamvu. Mukhoza kupewa: osamanga pamalo pamene akuluakulu a m'mudzi akunena kuti madzi anafikapo kale, ngakhale malowo ndi otchipa. Mukhoza kuchepetsa: kukweza maziko, kuika pulasitiki yotchinga chinyezi pansi pa khoma, kumanga denga ndi waya wolowa m'khoma kuti mphepo isalinyamule, kuthira mankhwala a chiswe, kukumba ngalande mvula isanayambe. Mukhoza kusenzetsa wina kudzera mu inshuwaransi, bola muwerenge bwino ngati madzi osefukira alimo m'pangano, chifukwa si mapangano onse amene amawaphatikiza. Kapena mukhoza kuvomera kuti chiopsezocho mukhala nacho, n'kusunga ndalama yapadera yodzachikonzera.

Zathu za kuno

Madzi ndiye oyamba. Boma lino la Mangochi linakhudzidwa ndi madzi osefukira a mu January 2015, a namondwe wa Idai mu March 2019, ndipo mu 2024 nyanja yeniyeniyo inakwera. Kukwera kwa nyanja n'kosiyana ndi mtsinje wosefukira. Mtsinje umabwera usiku umodzi n'kupita, pamene nyanja imabwera pang'onopang'ono n'kukhala miyezi, madzi apansi n'kukwera nawo, zimbudzi zokumba n'kudzaza, njerwa za m'munsi n'kumafewa. Madzi otuluka m'nyanja kudzera mu Shire amawongoleredwa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, ndipo oyendetsa pamenepo amayenera kuganiziranso magetsi ndi anthu a kumunsi ku Chikwawa ndi Nsanje. Bungwe la nyumba ku Mangochi lilibe mphamvu pa zitseko za ku Liwonde. Mphamvu yake ili pa kusankha malo ndi kutalika kwa maziko.

Chachiwiri ndi kwacha. Mu May 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu November 2023 ndi 44 pa 100 iliyonse, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Malata, penti, mapaipi ndi mawaya a magetsi zimadalira ndalama zakunja, pamene lendi imalowa m'makwacha ndipo siikwera tsiku limodzi. Bajeti yokonzera madenga khumi imapezeka ikukwanira asanu ndi limodzi popanda aliyense kuba.

Chachitatu ndi ngongole za lendi. Tiyerekeze, mongopeka, bungwe la nyumba 200 zolipitsa K60,000 pamwezi. Zonse zikalipidwa zimabweretsa K12 miliyoni pamwezi. Nyumba 30 zikakhala kuti sizikulipira ndipo 10 zili zopanda anthu chifukwa zawonongeka, pamwezi pasowa K2.4 miliyoni, pachaka K28.8 miliyoni. Malipiro a antchito sadikira, ngongole ya kubanki siidikira. Chimene chimadikira ndi denga. Denga likadikira nyengo ziwiri za mvula, mitengo ya denga imawola, nyumba ina n'kulowa m'gulu la zopanda anthu, ndalama n'kucheperanso. Bungwe la kuno liyeneranso kudziwa kuti ndalama za anthu ake zimayenda ndi nyengo. Kumapeto kwa chaka, pamene makoka ena amaletsedwa panyanja kuti chambo chiswane, ndi m'miyezi ya njala ya January ndi February, ambiri amavutika kulipira. Kukonza bajeti ngati kuti miyezi yonse ndi yofanana n'kudzinamiza.

Mabungwe okhwima amachita zimene akatswiri amati kuyesa kupirira: amatenga ndondomeko yawo ya chuma n'kuithira mavuto papepala. Bwanji chiwongoladzanja cha kubanki chitakwera, kwacha n'kugwanso, madzi n'kuwononga nyumba 20, zonse chaka chimodzi? Tingathe miyezi ingati? Tingayambe kusiya chiyani? Ku England mabungwe a nyumba amakakamizidwa kuchita zimenezi. Sizifuna makina odula, kompyuta imodzi ndi anthu oona mtima n'zokwanira.

Pamene pamanunkha kwambiri: kagawidwe ka nyumba

Nyumba yotchipa pakati pa anthu ambiri oifuna ndi chuma, ndipo amene ali ndi cholembera chosankhira wolowamo ali ndi mphamvu yaikulu. Chinyengo cha pamenepa sichioneka m'mabuku a ndalama, chifukwa lendi imalowa bwinobwino. Wina wadumpha mzere chifukwa ndi mlamu wa kalaliki. Wina anasamuka kalekale koma dzina lake likadali m'kaundula, nyumbayo anaibwereketsa kwa wina pa mtengo wowirikiza, iye n'kumadya kusiyanako. Pa ndondomeko zogawa zipangizo, dzina la gogo wosauka limalembedwa, malata n'kukathera pa golosale ya wina. Kuti zimenezi zigwidwe pamafunika mndandanda wa odikira wokhala ndi masiku, wopachikidwa poyera, komiti yosankha yolemba zifukwa zake, ndi oditala wamkati wogogoda pakhomo mosayembekezereka kufunsa kuti akukhalamo ndani.

Malo nawo ndi choncho. Bungwe limene lilibe kaundula wokwanira wa nyumba ndi mapuloti ake, ndi zikalata zaumwini zosungidwa bwino, limadzuka tsiku lina n'kupeza wina wamanga mpanda pamalo ake ali ndi pepala lakelake. Milandu ya malo imatenga zaka kukhoti.

Alonda atatu ndi bodi

Akatswiri a oditi yamkati amagawa udindo m'mizere itatu. Woyamba ndi anthu ogwira ntchito tsiku ndi tsiku: wotolera lendi, kapitawo wa zomangamanga, woyang'anira nyumba. Wachiwiri ndi amene amaika malamulo a ntchito ndi kuyang'anira kaundula wa ziopsezo. Wachitatu ndi oditala wamkati, amene amatsimikizira bodi ngati awiri oyambawo akugwiradi ntchito. Bungwe laling'ono la nyumba makumi angapo silingalembe anthu onsewa, koma likhoza kuonetsetsa kuti wogwira ntchito si yemweyo wodziyesa mayeso.

Pamwamba pa onse pali bodi, ndipo pali funso limodzi limene oditala sangaliyankhire: lendi ikwere kapena ayi? Okhala m'nyumba amati malipiro awo sanakwere ndipo nyumbazo ndi zakutha, ndiye alipirirenji zambiri. Oyendetsa bungwe amati nyumbazo ndi zakutha chifukwa lendi ili pansi pa mtengo wozisamalira. Onse awiri akhoza kukhala akunena zoona. Chimene oditi ndi kaundula wa ziopsezo zingachite ndi kuika manambala enieni patebulo: zalowa zingati, zapita kuti, nyumba zingati zikufuna denga latsopano m'zaka zisanu zikubwerazi, ndipo zidzadya zingati. Nambala yomalizayi imachokera ku kalembera wa momwe nyumba zilili, pamene mmisiri amayendera nyumba iliyonse kuona denga, makoma, mawaya ndi chimbudzi. Bungwe limene silinachitepo kalembera ameneyu limakonza bajeti mongoganizira.

Wokhala m'nyumba angafunse chiyani?

Lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga, Access to Information Act, linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo limapatsa nzika ufulu wopempha zikalata ku maofesi a boma. Komiti ya anthu ochita lendi ikhoza kupempha lipoti la oditi la chaka chatha, n'kuona chaka chimene lalembedwa pachikuto, chifukwa lipoti lochedwa zaka zitatu ndi mbiri yakale chabe. Ikhoza kufunsa kuti mwa mfundo zimene oditala anapeza, zakonzedwa zingati. Ikhoza kufunsa kuti pa K100 iliyonse ya lendi, zingati zimabwerera kukonza nyumba, ndiponso ngati madzi osefukira ali pa kaundula wa ziopsezo ndi dzina la mwini wake.

Dandaulo la pakamwa limauluka ndi mphepo. Mayi aja ndinawalangiza kuti alembe kalata yokhala ndi tsiku, ajambule khomalo ndi foni ataika ndodo ya machesi mumng'aluwo kuti kukula kwake kuoneke, apereke kalatayo kuofesi n'kupempha chidindo pa kope yawo, ndipo ajambulenso pakatha mwezi. Kalata yodindidwa imalowa m'faelo, ndipo faelo ndi imene oditala wamkati amatsegula akafuna kudziwa kuti madandaulo amatenga masiku angati asanayankhidwe. Anandiuza kuti aneba awo anayi ali ndi ming'alu yofanana mbali yomweyo ya kunyanja, ndiye ndinawauza kuti makalatawo akhale asanu, apite tsiku limodzi.